Mmene Fundi Mwaipungu Anatsikira

Fundi Ambokile Mwaipungu, mmisiri womanga nyumba, anali atakhala pakhonde la nyumba yake ku Mbeya, mwendo uli m'chikhakha kuyambira kuphazi mpaka m'ntchafu, pamene bajaji, njinga yamoto ya matayala atatu, inatsitsa a Onesmo Kyando, kalaliki wa ku ofesi yoona za chipukuta misozi cha anthu ovulala pa ntchito. Kuti Fundi athandizidwe panangofunika chinthu chimodzi: anene ndi pakamwa pake kuti anagwa.

Apo ndiye panagona nkhani. M'gulu la amisiri a Fundi, mawu akuti kugwa satchulidwa ngati uli ndi wako m'mwamba. Munthu sagwa, amatsika. Njerwa sigwa, imatsogola. Ndipo Fundi anali naye wake m'mwamba. Chivulalire iye, mkazi wake Tumpale anakagwira ganyu yosenza matope a simenti pa nyumba yosanja imene iye anavulalirapo, poti ana sadya chikhakha. Nyumbayo inkaoneka bwinobwino kuchokera pakhondepo, tsidya la msewu waukulu, itazunguliridwa ndi nsanja ya mitengo ndi matabwa imene omanga amaimapo.

"Takulandirani, bwana. Khalani pansi," anatero Fundi.

A Kyando anayang'ana mpando, nayang'ana pansi, nakoka buluku lawo lositidwa bwino, n'kukhala pa simenti.

"Mpando uli apo, bwana."

"Munati pansi."

Fundi anaona kuti lero kuli ntchito.

A Kyando anatsegula chikwatu cha mapepala. "Ndinafika pamalo pa ntchito paja, ndinafunsa anzanu. Onse akuti munatsika."

"Sananame."

"Kuchokera pamwamba penipeni."

"Pomwepo."

"Munatsikira pa makwerero?"

"Makwerero anali mbali ina."

"Pa chingwe?"

"Aa! Ndine nyani ine?"

A Kyando analemba modekha.

"Mwalemba chiyani?"

"Kuti si inu nyani. Nanga munatsikira pati?"

Fundi anakweza dzanja m'mwamba, nalitsitsa msanga. "Pamphepo."

"Zinakutengerani nthawi yaitali bwanji?"

"Sindinayang'ane wotchi."

"Mongoyerekeza."

"Ndinati ndiitane Yesu. 'Ye' ndinanenera m'mwamba, 'su' ndinakamalizira pansi."

"Oho. Munali pa changu."

"Kwambiri."

"Mumathamangira chiyani pansipo?"

"Sindimathamangira kanthu."

"Panali chiyani?"

"Wilibala."

"Mumaifuna?"

"Sindimaifuna."

"Koma munaipeza."

"Tinakumana."

A Kyando anagwedeza mutu ngati munthu amene zinthu zayamba kumuyendera. "Inali nthawi yanji?"

"M'mawa. Tiyi tisanamwe."

"Kapitawo munamutsanzika?"

"Ndinamudutsa chapakatikati. Anali akusuta."

"Munamuuza kumene mukupita?"

"Anaona yekha."

"Sindinafunse zimene anaona. Munamuuza?"

"Anandiyang'ana, ndinamuyang'ana. Mpata wolankhula panalibe."

"Ndiye kuti munachoka pamalo a ntchito nthawi yoweruka isanakwane, osatsanzika."

"Ii, bwana! Musalembe zimenezo!"

"Ndalemba kale. Ndi inki."

Fundi anapuma mozama. Zaka zonse zimene wakhala akugwira mpeni womangira, palibe munthu anamunenapo kuti wathawa ntchito. Anaponya maso tsidya la msewu. Pamwamba paja panali kuyenda timitu ta anthu, ndipo pakati pawo panali nsalu yachikasu ya Tumpale, beseni lili pamutu. Anabweza maso msanga.

"Tsono tilongosolane," anatero a Kyando. "Lamulo limathandiza munthu amene wavulala ali pa ntchito yake. Inu ntchito yanu inali kuti?"

"M'mwamba."

"M'mwambamo munavulala?"

"Ayi. M'mwamba ndinali bwinobwino."

"Panjira?"

"Panjiranso ndinali bwino. Mantha okha."

"Mantha salipiridwa. Ndiye munavulalira pansi."

"Pansi."

"Pansipo munali ndi ntchito?"

"Ndinalibe."

"Basitu. Munavulala kunja kwa ntchito."

"Bwana Kyando, kodi inu ku sukulu munapita kapena munangodutsako?"

"Ndinapita. Ndinkakhala kutsogolo."

Fundi anazika kamtengo m'chikhakha n'kuyamba kudzikanda, maso ali kudenga.

"Mwina ndikuthandizeni," anatero a Kyando. "Munadumpha?"

"Ndidumphe ine? Ana ndiwasiyire ndani?"

"Zili bwino, chifukwa wodumpha dala salandira kanthu. Anakukankhani?"

"Palibe anandikhudza."

"Zilinso bwino, imeneyo ikanakhala ya apolisi. Munali mutalawako?"

"Ndine mkulu wa mpingo ine!"

"Limenelo si yankho. Ndi udindo."

"Sindinalawe!"

"Simunadumphe, sanakukankheni, simunalawe. Nanga chinakuchotsani pamwambapo n'chiyani?"

"Thabwa linandisiya."

"Linapita kuti?"

"Silinapite kulikonse. Mbali ina sanalikhomere. Ndinaponda kumapeto, linapendekeka, ine n'kupitirira, ilo n'kubwerera pamalo pake."

A Kyando anaganiza kanthawi. "Ndiye thabwa likadali pa ntchito. Amene anachoka ndinu."

"Mayo ine!"

"Mwendo ukupweteka?"

"Mutu."

"Za mutu dokotala sanalembe."

Pa kampando kena panali mbale ya zitumbuwa zimene Tumpale anasiya m'mawa. Fundi anatenga chimodzi, nachiika m'mphepete mwa kampandoko.

"Bwana, penyetsetsani. Ichi ndine."

"Chitumbuwacho?"

"Eya. Kampandoka ndi nsanja. Mukuona?" Anachikhudza ndi chala. Chitumbuwa chinagubuduka, n'kufikira m'fumbi. "Chachitika n'chiyani?"

"Mwataya chakudya."

"Chitumbuwachi chapanga bwanji?"

"Mwachikankha." A Kyando anatsegulanso cholembera. "Tsono mukusintha mawu. Anakukankhani ndani?"

"Palibe!"

Nkhuku inabwera, n'kutola chitumbuwacho, n'kuthawira nacho kuseri kwa nyumba. A Kyando anaitsatira ndi maso.

"Nanga nkhukuyo ndi ndani?"

"Mwini kampani," anatero Fundi.

"Ndilembe?"

"Musalembe!"

Fundi anaona kuti kuzungulira sikuthandiza. Anatsitsa mawu, nasendera chakutsogolo mmene chikhakha chinamulolera.

"Bwana, ndikuuzeni zoona. Pali mawu ena amene ife sititchula wathu ali m'mwamba. Ukawatchula, wawaitana. Mayi a ana anga ali apo, mukuwaona aja a nsalu yachikasu. Ndingawatchule bwanji?"

"Mawu ake ndi ati?"

"Ndikutchulireni mawu amene sinditchula?"

"Nanga ndidziwa bwanji kuti ndi amene simukuwatchula?"

"Amayamba ndi 'ku'."

"Kutsika."

"Ena."

"Kudumpha."

"Tinadutsapo kale pamenepo."

"Kuuluka."

"Bwana, munthu akachoka m'mwamba asakufuna, n'kufika pansi asakufuna, watani?"

"Wagwa."

Fundi analavula kumbali, nayang'ana tsidya. Nsalu yachikasu inali ikuyendabe.

"Eya! Amenewo! Inu mulibe wanu m'mwamba, tchulani mmene mungafunire. Lembani tsopano."

"Sindingathe."

"Chifukwa?"

"Ndanena ndine. Pepalali likuti 'mawu a wovulala'. Ndikalemba mawu anga, ndiye kuti wovulala ndine."

"Lembani kuti ndavomera."

"Mwavomera chiyani?"

"Zimene mwanenazo."

"Ndanena zambiri. Ndanenanso kuuluka."

"Chabwino, ndiloza ndi chala."

"Chala chilibe mawu."

"Ndilemba ndekha. Kulemba si kutchula."

"Mukhoza. Koma mukamaliza muyenera kuwerenga mokweza, ine ndikumva."

"Anakonza malamulo amenewa ndani?"

"Sindinamuone. Ndinawapeza."

Kunena zoona, Fundi anali wouma mutu, ndipo zimenezi aliyense pamalo pa ntchito ankazidziwa. Koma tsiku limeneli sikunali kuuma mutu kokha. Ankaopa. Amene anamuphunzitsa ntchito anamuuza za mawuwa akadali mnyamata, ndipo iye anawasunga mpaka imvi. Kuwamasula lero, Tumpale ali m'mwamba, kunali ngati kumukankha ndi dzanja lake.

"Tipange chonchi," anatero Fundi. "Mubwere madzulo, iwo ataweruka. Mapazi awo akangoponda pakhomo pano, ndikutchulirani mpaka mutatopa."

"Amaweruka nthawi yanji?"

"Dzuwa likapendeka."

"Inenso ndimaweruka nthawi yomweyo."

"Mungochedwerako pang'ono."

"Ndikaweruka sindine kalaliki. Ndine Onesmo."

"Lamulungu?"

"Lamulungu cholembera ichi chimagona mu kabati ya ofesi."

"Masana, nthawi ya chakudya?"

"Masana ndimadya."

"Simungadye mukumvetsera?"

"Ndikhoza kumva, koma sizingawerengedwe."

Fundi anagwira chibwano. "Palibe njira ina, bwana? Inu ophunzira simusowa njira."

"Zilipo. Mukhoza kuisumira kampani ku khoti."

"Kumeneko akandifunsa chiyani?"

"Chimene chinachitika."

"Nthawi yanji?"

"Nthawi ya ntchito."

"Ina."

"Mukhoza kupeza loya."

"Eya! Iyeyo akanena m'malo mwanga."

"Akanena zimene mwamuuza."

"Ina."

"Mukhoza kukambirana ndi mwini kampani, mugwirizane mwamtendere."

"Anabwera kale ameneyo. Anabweretsa shuga ndi sopo, n'kundigwira dzanja, amvekere, 'Pepani Fundi, mwatsika moipa.' Mawu athuwa anawakonda kwambiri. Sindinaonepo bwana wolemekeza mwambo ngati iye."

"Munalandira shugayo?"

"Ana anamwera tiyi."

"Musamuuze loya."

"Sindinamupeze loyayo!"

"Mukamupeza."

A Kyando anasanthula mapepala awo, kenaka nkhope yawo inawala. "Ndapeza nzeru. Mayi asiye ntchito. Akakhala pansi, inu mulankhula."

"Tidya chiyani?"

"Chipukuta misozi."

"Chibwera liti?"

"Mukanena."

"Ndikanena lero, mawa chafika?"

"Ayi. Pepala liyenda kaye. Limachoka kwa ine, lipite kwa dokotala, libwerere, lipite ku likulu. Mapepala sachita changu ngati inu."

"Ndiye pakatipo ana azidya pepala? Malo ajatu akangowasiya tsiku limodzi, pachipata pali amayi ena akudikira ndi mabeseni awo."

"Ndiye asasiye."

"Ndiye sindinena."

"Munena liti?"

"Akatsika."

"Atsika liti?"

"Chikabwera chipukuta misozi."

A Kyando anaima kaye, cholembera chili m'mwamba. "Mwati akatsika. Kutsika kwake kuti? Kwa makwerero, kapena kwanu kuja?"

"Bwana!" Fundi anamenya ndodo yake pansi. "Pakamwa panu pasatuluke zimenezo pakhomo panga!"

"Ndangofunsa. Mawuwo ndi anu omwe."

Mumsewu munadutsa lole ya mchenga, fumbi n'kukwera mpaka pakhonde. A Kyando anapukuta pepala lawo ndi mpango, nayamba kulongedza.

"Ndiwerenge zimene tagwirizana," anatero. "Wodandaula si nyani. Anachoka pa ntchito m'mawa, mwachangu, osatsanzika. Anakumana ndi wilibala. Ngozi palibe."

"Ngozi palibe? Nanga mwendowu?"

"Mwendo ulipo. Ngozi ndi imene palibe. Mwinanso akampani angafune kudziwa za wilibala ija, akuti inapindika."

"Ailipiritse mwendo wanga. Ndi umene unaipinda."

"Ndiwauza." A Kyando anaimirira, nakung'untha buluku. "Koma musadandaule kwambiri, Fundi. Mwapeputsa anthu ambiri. Pakanakhala ngozi, bwenzi ntchito itaima, nsanja yonse ija aiphwasule, amange ina. Anzanu akanakhala masiku osagwira ntchito. Pano poti munangotsika, zonse zikuyenda monga kale."

Fundi anasiya kudzikanda. "Monga kale bwanji?"

"Monga kale."

"Thabwa lija analisintha?"

"Alisinthirenji? Lilibe mlandu."

"Analikhomera?"

"Ndinamufunsa kapitawo. Anati misomali ili m'sitolo, ndipo iye satulutsa msomali popanda chifukwa. Ndinamufunsa ngati chifukwa chilipo, anati palibe, Fundi anangotsika."

"Nanga anzanga aja?"

"Anati anauzana kuti aziponda chapakati."

"Osenza matope anawauza?"

"Sindinafunse. Pa pepala panalibe funso limenelo."

Fundi anatembenuka pang'onopang'ono. Iye ankangoyesa kuti thabwalo analikhomera tsiku lomwelo, iye ali kuchipatala. Sanamufunsepo Tumpale, poti m'nyumba mwawo za m'mwamba sankazikamba. Ndipo njira ya osenza matope ankaidziwa ngati chikhatho chake: ukakwera makwerero, umakhota kumanzere, n'kuyenda mpaka pakona pamene amisiri akumanga. Thabwa lija linali lomaliza usanafike pakonapo. Munthu amene wasenza beseni pamutu sayang'ana pamene akuponda.

Nsalu yachikasu inali itangomaliza makwerero. Inakhota kumanzere.

Fundi anaona kuti kukhala chete kwake konse kuja, kumene ankati akuteteza nako mkazi wake, ndi kumene kunasiya thabwa lija pamalo pake.

"Ndinagwa," anatero, mawu ali pansi.

A Kyando anali atafika kale pa masitepe. "Mwati?"

"Ndinagwa."

"Mukweze pang'ono, lole ija yanditseka makutu."

"Ndinagwa! Ndinagwa ine, Ambokile Mwaipungu! Ndinagwa ngati thumba la simenti! Thabwa silinakhomeredwe, ndinaponda, ndinagwa! Lembani!"

Mayi wa nyumba yoyandikana anasuzumira pa mpanda, mwana ali kumsana. Fundi sanamuone n'komwe. Maso ake anali tsidya, pakamwa pali yasa, akudikira kuti aone chimene mawu ake aitana. Nsalu yachikasu inayenda, inayenda, inafika pakona, n'kutula beseni.

A Kyando anabwerera, nakhala pansi pomwe paja, natsegula chikwatu.

"Munagwa kamodzi kapena kanayi? Mwanena kanayi."

"Kamodzi! Fulumirani!"

"Ndifafanize kaye za nyani?"

"Zisiyeni! Lembani!"

Analemba, chilembo chimodzichimodzi, lilime lili pakona pa mlomo. Anawerenga mokweza. Fundi anasaina, ndipo pepala limene anamupatsa kuti asunge analipinda n'kulilowetsa m'chikhakha, kumene ngakhale mwini kampani sakanalipeza.

"Tsopano yasanduka ngozi," anatero a Kyando. "Ikakhala ngozi, pamatsatira zinthu ziwiri. Choyamba, ntchito iime pompano."

Anatulutsa foni, naimbira kapitawo. Sanakweze mawu, sanapereke moni, anangowerenga ndime ya lamulo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndi manambala ake omwe. Kapitawo ankamveka akukuwa mu foni, koma kukuwira a Kyando kunali kutaya mpweya. Posakhalitsa, tsidya lija kunalira wezulo. Anthu anayamba kutsika mmodzimmodzi, pa makwerero, chammbuyo, monga amatsikira anthu. Fundi anaitsatira nsalu yachikasu mpaka inabisika kuseri kwa mpanda wa malata. Pamenepo anapukuta m'maso ndi mkono wa malaya, n'kunamizira fumbi la lole.

"Mulungu akudalitseni, bwana," anatero. "Ndinakunyozani za sukulu zija. Pepani."

"Simunandinyoze. Munafunsa, ndinayankha."

"Nanga chachiwiri n'chiyani?"

A Kyando anatembenuza pepala, nayendetsa chala. "Chachiwiri. Kalaliki amene walandira mawuwo apite pamalo pa ngozi tsiku lomwelo, zinthu zisanasunthidwe. Akaime pamene wovulalayo anaima, ayeze kutalika kwake kufika pansi, ndipo aone yekha mmene chinthu chodandaulidwacho chimachitira."

Chala chinaima. A Kyando anawerenganso ndimeyo chamumtima, milomo ikugwedera. Kenaka anadzutsa mutu, nayang'ana tsidya la msewu. Anayambira pansi pa nyumbayo, nakweza maso, nakwezanso, mpaka chipewa chinawagwera kumbuyo.

"Pamene munaima paja ndi pati?"

Fundi analoza ndi ndodo. "Mukuona pamene pakuuluka khwangwala apo? Kumunsi kwake pang'ono."

"Makwerero amafika?"

"Amafika. Amangogwedera mphepo ikamaomba, koma muzigwira ndi manja onse."

"Chikwatuchi ndigwira ndi chiyani?"

"Ndi mano. Mukafika mukhote kumanzere. Thabwa lomaliza. Muponde kumapeto kwenikweni, apo ayi simuona mmene limachitira."

"Sindingangolionera pansi?"

"Lamulo lati mukaime, bwana. Kutsutsa galu n'kukumba."

A Kyando anatola chipewa, nachivala, nachivulanso. Anatseka cholembera mosamala kwambiri, nasendera kufupi ndi chikhakha, natsitsa mawu.

"Fundi, ife ndife akuluakulu, tisapupulume. Taganizani bwinobwino. Mwina munangotsika."